Ziphaniphani: Mafunso a Omvera ndi Mayankho

Funso lochokera ku Zomba: Kodi kuwala kwa chiphaniphani ndi moto, ndipo kungawotche mwana akachigwira?

Yankho: Si moto ayi. Chiphaniphani ndi chikumbu cha m'banja lotchedwa Lampyridae, lomwe lili ndi mitundu yoposa 2,000 padziko lonse. Kunsi kwa mimba yake, chakumapeto, kuli kachiwalo komwe mankhwala otchedwa luciferin amakumana ndi mpweya wa okosijeni mothandizidwa ndi mankhwala ena otchedwa luciferase. Pamenepo pamatuluka kuwala kosatentha, n'chifukwa chake mwana amachifumbata osapsa. Chosayenera ndi kuchiika mkamwa, pakuti mitundu ina ili ndi poizoni woziteteza kwa mbalame ndi abuluzi.

Funso lochokera ku Mchinji: Ziphaniphani zimaoneka bwino kuti, ndipo nthawi yanji?

Yankho: Kumadambo ndi m'mbali mwa mitsinje, makamaka nyengo ya dzinja, chisisira chikangogwa. Zimakonda chinyontho chifukwa mphutsi zake zimadya nkhono. Usiku wopanda mwezi ndiye wabwino koposa.

Funso lochokera ku Nkhotakota: Munthu angasiyanitse bwanji mitundu yake pamene zonse zimaoneka zofanana?

Yankho: Chinsinsi chagona pa kaphethiridwe kake. Kuwalako ndi chifunsiro: champhongo chimauluka chikuthwanima, chachikazi chimayankha chili phee pa udzu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kachitidwe kakekake. Wofuna kuzizindikira asankhe chimodzi n'kuchitsata ndi maso, akuwerenga masekondi pakati pa kuthwanima kwina ndi kwinako. Aonenso ngati kuwalako n'kwachikasu kapena kobiriwira, komanso ngati chikuuluka chapansipansi kapena pamwamba pa tchire. Kuwala kokhazikika pansi, kosazimazima, nthawi zambiri kumakhala kwa mphutsi kapena kwa chachikazi cha mtundu wopanda mapiko.

Ku North America nkhaniyi inafufuzidwa kwambiri. Champhongo cha Photinus pyralis chimatsika pang'ono kenako n'kukwera chikuwala, n'kulemba chilembo cha J mumdima, ndipo chachikazi chimayankha patatha pafupifupi masekondi awiri. Zazikazi za Photuris zimatsanzira yankho limeneli, champhongo cha Photinus chikatera n'kuchidya. Ku Kuala Selangor, m'dziko la Malaysia, ziphaniphani za Pteroptyx zimadzaza mitengo ya m'mbali mwa mtsinje n'kumathwanima nthawi imodzi.

Funso lochokera ku Lilongwe: Bwanji m'tauni sizikuonekanso ngati kale?

Yankho: Dandaulo limeneli n'lomveka, ndipo n'lodetsa nkhawa. Magetsi owala usiku wonse amaphimba kuwala kwake, champhongo ndi chachikazi osaonana, mazira osaikidwa. Madambo akamangidwapo nyumba, mphutsi zimasowa pokhala, ndipo mankhwala ophera tizilombo m'madimba amazipulula. Ngakhale tochi ya pafoni imazisokoneza. Wopita kukaziona aizimitse, kapena aikute ndi pulasitiki yofiira n'kuilozetsa pansi, ndipo aziyenda m'kanjira kuti asaponde zazikazi zobisala mu udzu.