Kujambula ndi Utoto wa Madzi Pamsika ku Ntcheu: Zoyenera ndi Zosayenera

Mng'ono wanga, luso uli nalo, palibe akutsutsa. Koma kujambula duwa uli m'nyumba n'kosiyana ndi kukhala m'mphepete mwa msewu wa M1, malole akukuwaza fumbi, ana akukupumira m'khosi. Ntcheu sasowetsa chojambula: milu ya kabichi ndi kachewere pa Tsangano, msika wa Lizulu pomwe tsidya lino la msewu ndi Malawi ndipo tsidya linalo ndi Mozambique, mapiri oyang'ana pa boma. Utoto wa madzi si wachilendonso kwathu kuno. Bambo Claude Boucher, amene adakhazikitsa malo a chikhalidwe a Kungoni ku Mua mu 1976, adajambula nawo miyambo ndi magule a anthu athu. Chimene chimagwetsa ambiri n'kuiwala kuti pamsika anthu ali pantchito, ndipo wojambula ndi mlendo. Tamvera tsono.

ZOYENERA

1. Yamba ndi moni: "Mwadzuka bwanji mayi, ndingakhaleko apa?" Malo opempha amakhalika tsiku lonse.

2. Ukaonane ndi tcheyamani wa msika ngati uchedwapo. Iye akadziwa, msika wonse wadziwa.

3. Lawirira. Dzuwa la m'mawa limatalikitsa mithunzi, ndipo mithunziyo ndiyo imaimiritsa chithunzi.

4. Tsamira khoma kapena mtengo, pepala lili pamthunzi. Kumbuyo kukatsekeka, sudzidzimuka ndi wokugunda chigongono.

5. Nyamula madzi ako m'mabotolo awiri. Lina ndi lotsukira burashi, lina losungunulira utoto, kuti mitundu isade.

6. Gula pepala lokhuthala, la 300 gsm, ulimate ndi tepi pathabwa. Limamwa madzi osapindika, ndipo mwera suliulutsa.

7. Yamba ndi pensulo, ulembe zikuluzikulu: denga, msewu, mzere wa phiri. Tomato adzabwera pambuyo.

8. Paka mitundu yowala poyamba, yakuda pomalizira. Utoto uwu sulola kubwerera m'mbuyo.

9. Siya pepala loyera pomwe malata akung'anima. Kuwala kwako konse kuli m'pepalamo.

10. Dziwa nyengo. Mu Juni ndi Julayi utoto umachedwa kuuma, mu Okutobala umauma burashi isanabwerere.

11. Gwira munthu woyenda ndi mizere itatu kapena inayi: msana, katundu, mwendo. Wakabaza sakudikira.

12. Ika mitu ya anthu pamzere umodzi ngati waimirira pamalo athyathyathya. Wakutali ndi wapafupi amasiyana pomwe mapazi aponda.

13. Onetsa chimene wajambula kwa amene wawajambula. Aona okha kuti sunawanyoze.

14. Gulako nthochi kapena mulu wa tomato pamene wakhalapo. Mthunzi wakhalawo uli ndi mwini wake.

ZOSAYENERA

1. Usangofika n'kufunyulula zipangizo ngati pakhonde pa amako. Safunsa adadya phula.

2. Usajambule pachipata cha Biriwiri, papolisi kapena pa rodibuloko popanda chilolezo. Udzathera tsiku kufotokoza m'malo mojambula.

3. Usathamangitse mthunzi. Ukausintha nthawi iliyonse dzuwa likasuntha, chithunzi chako chikhala ndi madzuwa atatu.

4. Usakhale kutsogolo kwa benchi la munthu kapena m'mphepete mwenimweni mwa tala. Uku ukutchinga makasitomala, uko minibasi ikukhotera pa iwe.

5. Usaviike burashi m'ndowa ya amayi yowazira masamba, ndipo madzi akuda usakhuthulire pafupi ndi chiwaya. Izo ndi zakudya za anthu.

6. Usadalire pepala la m'kope. Likangonyowa limatupa, n'kubooka pamene ntchito yayamba kukoma.

7. Usawerenge kabichi mmodzimmodzi. Mulu ndi chinthu chimodzi. Jambula atatu apamwamba, diso limaliza lokha.

8. Usabwerezebwereze pamalo ponyowa. Ukasakaniza mitundu yambiri, chotsala ndi matope.

9. Usaope kukoleza mtundu. Utoto wa madzi umazilala ukauma, ndiye chitenje chofiira chisanduka chosuluka.

10. Usalimbane ndi chifunga kapena mvula yowaza. Dontho limodzi lokha limasiya chipsera pamtambo umene wauvutikira.

11. Usalimbikire nkhope ya munthu amene sanalole. Wina wathawa ngongole, wina sakufuna basi, ndipo ufulu ndi wake.

12. Usakhale wokongoletsa monama. Mawaya a magetsi, zikwangwani za Airtel ndi TNM, matumba a makala panjinga, zonsezo ndiye Ntcheu.

13. Usakalipire ana okuzungulira. Auze aime mbali imodzi. Pakati pawo pali amene sanaonepo burashi ikugwira ntchito.

14. Usalonjeze "ndidzakubweretserani chithunzi" ngati sudzabwera. Bodza lako lidzatsekera khomo wojambula wina.

Pali zinanso ziwiri zimene suyenera kuziphonya. Choyamba, ukapita ku Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko pa Nkolimbo, kumbuka kuti pali Inkosi ya Makosi Gomani ndi makosi ena. Funsa akuluakulu pomwe ungakhale, usadutse pabwalo ngoma ikuvinidwa, ndipo pa nthawi ya mwambo ika burashi pansi. Zishango ndi nthenga uzijambula bwino ukaziyang'anitsitsa kaye.

Chachiwiri, ndemanga zidzabwera, ufune usafune. Wina adzati phirilo lafupika, wina adzafunsa ngati zimenezi zili ndi ndalama, wina adzaseka kuti waiwala golosale yake. Yankha mwaulemu, dzanja lisaime. Nthawi zina wonenayo akunena zoona, chifukwa msikawo amaudziwa kuposa iwe.

Tsono usadikire kuti ukhale ndi bokosi la mitundu 24. Wofiira, wachikasu ndi wabuluu akukwanira kutulutsa nthaka, kabichi ndi thambo. Tenga mapepala ang'onoang'ono, upange zithunzi zitatu za mphindi 20 m'malo mwa chimodzi cha tsiku lonse, ulembe malo ndi deti kumbuyo kwake. Misika yathu ikusintha, ndipo ana a mawa adzafuna kuona mmene Kampepuza ndi Lizulu zinkaonekera. Dzuka, ukapereke moni, uyambe.