Kutchera Liwiro pa Rauta: Mbali Zonse Ziwiri Zigwirizane

Lero ndikulankhula makamaka ndi inu amene munapatsidwa udindo woyang'anira intaneti pa ofesi, pasukulu kapena pamalo ogona alendo, ndiponso inu achinyamata amene mukuphunzira za makompyuta ku MUBAS ndi m'makoleji ena. Khalani ndi pepala ndi cholembera pafupi, chifukwa pali mawu ena a Chingerezi amene mukawapeze pa sikirini.

Dandaulo lake mukulidziwa. Intaneti mwalipira, tinyale ta pa rauta tikuyaka bwinobwino, uthenga wa pa WhatsApp ukupita, koma mukati mutumize fayilo yaikulu kapena muchite msonkhano wa pa vidiyo, zonse zimayamba kukwawa. Ambiri amathamangira kuimbira foni kampani ya intaneti. Komatu nthawi zina vuto limakhala m'nyumba momwemo, pa poti, kabowo kaja mumalowetsamo kebulo kumbuyo kwa rauta.

Poti iliyonse iyenera kumvana ndi chipangizo chimene chili kumapeto ena a kebulo pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi liwiro, limene pa sikirini limalembedwa kuti speed. Kawirikawiri limakhala 10, 100 kapena 1000, kutanthauza mamegabiti pa sekondi. Chachiwiri ndi duplex, ndipo ilipo mitundu iwiri. Half duplex ili ngati mawailesi a m'manja a alonda: mmodzi akamalankhula, mnzake ayenera kudikira. Pa full duplex zipangizo zonse ziwiri zimatumiza ndi kulandira data nthawi imodzi popanda kudikirana.

M'chaka cha 1995, bungwe la IEEE litakhazikitsa liwiro la 100, linaikanso njira yoti zipangizo zizikambirana zokha, yotchedwa auto-negotiation. Mukangolowetsa kebulo, chipangizo chilichonse chimauza chinzake zimene chingathe, kenako zimasankha zapamwamba zimene zonse ziwiri zingakwanitse. Pamene liwiro la 1000 linafika pa waya wa kopa mu 1999, kukambiranaku kunakhala lamulo lenileni pa liwiro limeneli.

Tsono vuto limabwera motere. Munthu amatchera pamanja mbali imodzi yokha, kuika 100 ndi full, nkusiya mbali inayo pa auto. Mbali yotcheredwa pamanja ija kawirikawiri imasiya kukambirana. Inzake imatha kuzindikira liwiro kuchokera pa magetsi oyenda mu waya, koma duplex singaidziwe, ndipo lamulo limati zikatero isankhe half. Apa mbali imodzi imadikira mpata, pomwe inayo imangotumiza nthawi iliyonse. Data imawombana, imatayidwa, nkutumizidwanso. Timauthenga tating'ono timadutsa, nchifukwa chake mukayesa ndi ping mumaona ngati zonse zili bwino, koma katundu akachuluka liwiro limagweratu.

Ndiye tizichita bwanji? Choyamba, yang'anani musanasinthe kalikonse. Ngati rauta yanu ndi ya MikroTik, tsegulani Winbox, pitani pa Interfaces, sankhani potiyo, kenako pa Status muona Rate ndi Full Duplex. Ngati ndi ya Cisco, lembani show interfaces. Ikuonetsani liwiro ndi duplex, ndipo m'munsi mwake muwerenge manambala a CRC, collisions ndi late collision. Pa kompyuta ya Windows, pitani pa Device Manager, sankhani khadi la netiweki, ndipo pa Advanced mupeza Speed & Duplex. Yang'anani mbali zonse ziwiri za kebulo. Mukaona late collision ikukwera mbali imodzi, CRC ikukwera mbali inayo, dziwani kuti duplex yasemphana. Poti imene ili pa full duplex siyenera kukhala ndi collisions ngakhale imodzi.

Chachiwiri, unikani kebulo. Mkati mwake muli timawaya 8, topotana tiwiritiwiri. Liwiro la 100 limagwiritsa ntchito timawaya 4 tokha, koma la 1000 limafuna tonse 8. Kamodzi kokha kakaduka, zipangizo zambiri zimatsikira pa 100, zina sizilumikizana nkomwe. Kuno kwathu zoononga kebulo nzambiri: makoswe a m'siling'i, madzi a mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo olowa mu kebulo yopita padenga, kapenanso mutu wa kebulo wosafinyidwa bwino. Gulani Cat5e kapena Cat6 ya kopa yeniyeni, ndipo isatalike kupitirira mamita 100. Yesani kaye ndi kebulo yaifupi imene mukudziwa kuti ndi yabwino. Kukakamiza poti kuti iyende pa 1000 sikulumikiza waya woduka.

Chachitatu, ndipo ili ndilo lamulo lalikulu: siyani auto mbali zonse ziwiri. Pa Cisco lembani configure terminal, kenako interface ndi dzina la potiyo, kenako speed auto, ndi duplex auto. Pa MikroTik onetsetsani kuti kabokosi ka Auto Negotiation nkochongedwa. Pa zipangizo za masiku ano, njira imeneyi ndi imene imagwira ntchito bwino pafupifupi nthawi zonse.

Chachinayi, tcherani pamanja pokhapokha chipangizo cha mbali inayo chili chotcheredwa kale pamanja ndipo simungathe kuchisintha. Izi zimachitika ndi makina ena akale, komanso ndi kabokosi kamene kampani ya intaneti imaika pakhoma posintha faiba kukhala waya wamba. Musaganizire. Imbani foni, funsani kuti poti yawo anaitchera bwanji. Akati 100 full, inunso lembani speed 100 ndi duplex full. Mukatero lembani zimenezi pakapepala nkumata pa rauta, kuti mnzanu wodzabwera pambuyo panu asadzasokoneze.

Chachisanu ndi chenjezo. Mukasintha liwiro kapena duplex, poti imayamba yazima kwa timasekondi tingapo. Choncho chitani izi anthu ataweruka, osati pakati pa ntchito. Ndipo ngati mwalowa mu rauta muli kutali, musasinthe poti imene mwalowera, chifukwa mukalakwitsa mudzitsekera kunja, ndipo muyenera kukwera minibasi kupita kumene kuli rautayo. A MikroTik, dinani Safe Mode musanayambe. Kulumikizana kukaduka, rauta imabweza yokha zimene munasintha. Zonse zikayenda bwino, dinaninso Safe Mode kuti zisungike. A Cisco, musaiwale kulemba copy running-config startup-config. Mukapanda kutero, magetsi akangothima rauta idzaiwala ntchito yanu yonse.

Mukamaliza, yesani. Pa Cisco lembani clear counters kuti manambala ayambire pa ziro, tumizani fayilo yaikulu kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, kenako muwerengenso. Ngati CRC ndi late collision sizikukwera, ntchito yatheka.

Ndisanatsirize, ndiwongole maganizo amene ambiri ali nawo. Liwiro la poti si liwiro la intaneti imene mumalipira. Ngati munagula mamegabiti 20, kuika poti pa 1000 sikuwonjezera kanthu. Koma mbali inanso ilipo: amene muli ndi faiba kapena Starlink, imene inayamba kupezeka m'Malawi muno mu 2023, liwiro lanu likhoza kupitirira 100. Poti imodzi yokha ya 100 panjira, kaya pa rauta kaya pa swichi yakale, idzakumanani zimene mwalipira.

Ndibwereze kuti zikhazikike. Yambani mwayang'ana mbali zonse ziwiri. Unikani kebulo. Auto uku, auto uko. Ngati mwatchera pamanja uku, tcheraninso pamanja uko, manambala ake ofanana. Sungani zimene mwasintha, kenako yesani. Mawa mukafika pantchito, musanaimbire foni kampani ya intaneti, tsegulani rauta yanu muone chimene poti iliyonse ikunena.