Kwa inu amene mukufuna kuunika bajeti ya zaumoyo

Achinyamata, mapepala amafunika ndithu. Digiri ya akawunti kapena ya zachuma, kaya ya ku MUBAS kaya ya ku UNIMA, ndiyo imakutsegulirani khomo. Mayeso a ICAM amawonjezera mwayi, ndipo Excel muidziwe mpaka zala zizolowere. Koma ntchito yeniyeni mukaiphunzira mutalowa kale.

Ndalama imene aphungu avomereza ku Nyumba ya Malamulo si imene Treasury imatulutsa, ndipo imene yatulutsidwayo si nthawi zonse imafika m'mwezi wake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wounika bajeti amayang'anira mpata umenewu, n'kuuza abwana msanga zimene ziime. Ndalama ya ORT, yoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, ikachedwa, ambulansi imagona pabwalo popanda mafuta, achibale a mayi amene wavutika pobereka n'kuyamba kusonkherana usiku. Kukhitchini nyemba zimatha, odwala n'kumadya kamodzi patsiku. Choncho musakhalitse pampando. Pitani kufamase mukaone mashelefu, mufunse anamwino kuti magolovesi amatha masiku angati, mumve kwa adalaivala kutalika kwa ulendo wa ku chipatala chachikulu. Amene sanafikeko kuwodi amadula ndalama ya mafuta mu bajeti mosavuta, chifukwa kwa iye ndi nambala chabe.

Dziwaninso kuti kwacha siyikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mankhwala ambiri amene Central Medical Stores Trust imagula amachokera kunja ndipo amalipiridwa ndi madola, kotero bajeti imene idayamba mu Epulo idakhalabe yomweyo papepala koma makatoni ogulika adachepa. Polemba bajeti, ikani pambali chiwerengero china chosonyeza zimene zingachitike mitengo ikakwera.

Mu 2001 ku Abuja, maiko a mu Africa adalonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti yawo ku zaumoyo. Malawi nthawi zambiri sitifikapo, ndipo gawo lalikulu la ndalama za umoyo limachokera kwa otithandiza monga Global Fund. Boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, aliyense adaona kuti kudalira kumeneku n'koopsa. Mzere uliwonse wa bajeti muudziwe mwini ndalama yake, ndi chaka chimene pangano lake likutha.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi ichi. Cashgate ya 2013, kubedwa kwa ndalama za boma, idadutsa mu IFMIS, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera ndalama za boma, m'manja mwa anthu ophunzira bwino, ndipo otithandiza ataimitsa ndalama, amene adavutika ndi odwala. Tsiku lina wamkulu adzakuuzani mokoma kuti, "Tangosainani apa, mapepala enawo abwera mawa." Muyankhe mwaulemu kuti mudikira mapepalawo. Pasiwedi yanu musabwereke munthu, ngakhale amene adakuthandizani kupeza ntchitoyo, ndipo chilichonse chimene mwalangiza abwana chikhale cholembedwa, kope lake musunge.