Phunziro 14: Zaka za Amayi

Werengani nkhani iyi pang'onopang'ono. Mukafika pa nambala ya chaka, imani, muinene mokweza.

Amayi anamwalira nandolo atayamba kuuma m'munda. Iwo anali amayi a mayi anga ondibereka, koma ndiwo anandilera, ndipo ine ndinkawaitana kuti Amayi. Anthu onse a m'mudzi mwathu, m'munsi mwa phiri la Tumbine, ankawaitananso choncho, chifukwa anali azamba. Ambiri mwa amene ananyamula bokosi lawo anabadwira m'manja mwawo.

Tsiku la maliro, amfumu anafunsa kuti, "Kodi anali ndi zaka zingati?" Tonse tinangoyang'anana. Tsiku limene Amayi anabadwa silinalembedwe. Iwo ankawerenga zaka zawo ndi zinthu zimene anaziona. Tiyeni tiziwerenge pamodzi.

Ali mtsikana, Amayi ankathyola tiyi m'minda ya azungu kuno ku Milange, dengu lili kumsana. Inali nthawi ya Apwitikizi, pamene amuna ankagwidwa kupita ku chibalo.

Pa 25 Juni 1975 dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu. Amayi ankati chaka chimenecho mwana wawo woyamba anali atatha kale msinkhu.

Mu 1978 boma linayambitsa sukulu za akuluakulu m'dziko lonse. Amayi ankapita madzulo, atachoka ku munda. Maphunziro anali m'Chipwitikizi, chinenero chimene iwo sankachimva. Anzawo ambiri analeka. Amayi sanaleke mpaka anadziwa kulemba dzina lawo ndi kuwerenga manambala.

Mu 1980 ndalama ya metical inalowa m'malo mwa escudo. Pa msika, amayi anzawo ankawaonetsa ndalama zatsopanozo kuti awawerengere.

Mu 1986 nkhondo inafika pa boma la Milange. Amayi anathawa usiku, naoloka mtsinje wa Muloza kulowa m'Malawi. Ananyamula khasu, mbewu ya nandolo yomanga pa nsalu, ndi mwana wa mnansi wawo kumbuyo. Polembetsa kuti azilandira ufa, anaona kuti wolembayo waika 5 pa khadi, chonsecho pa banja pawo anali anthu 7. Analoza nambalayo ndi chala, ndipo iye anakonza. Anthu awiri akanagona ndi njala chifukwa cha nambala imodzi.

Pa 4 Okutobala 1992 mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome. Amayi atabwerera kwawo anapeza nyumba itagwa, munda utasanduka tchire. Analambula, nabzalanso chimanga ndi nandolo.

Ngakhale atakalamba, Amayi sankatuma mwana kukagulitsa nandolo. Ankapita okha. Wogula akapachika thumba pa sikelo, iwo ankayandikira ndi ndodo yawo, nawerenga makilo mokweza kuti onse amve.

Maliro atatha tinakhala pansi ndi pensulo. Tinayambira pa 1975, tinaganizira msinkhu wa mwana wawo woyamba uja, tinabwerera m'mbuyo. Tinapeza kuti Amayi anapitirira zaka 80. Zimenezi tinazilemba m'kope.

Koma pali zina zimene sitinazipeze. Mudzi umene amayi awo anachokera sitiudziwa. Chiwerengero cha ana amene anabadwira m'manja mwawo sitichidziwa. Ine ndinaphunzira mpaka ku sekondale, koma sindinawafunse. Ndinkati ndidzafunsa mawa. Zimenezo anapita nazo.

Inu amene mukuphunzira kulemba, kwanu kuli nkhalamba zimene zikadali moyo. Zifunseni lero, mulembe.

Mau oti tiwerenge ndi kulemba

amayi, azamba, zaka, ufulu, nandolo, sikelo, mtendere

Mafunso

1. Kodi anthu a m'mudzi ankawaitana kuti Amayi chifukwa ninji?
2. Kodi kudziwa manambala kunawathandiza bwanji Amayi ku Malawi?
3. Kuchokera mu 1986 kufika mu 1992 panapita zaka zingati?
4. Kodi inu munali kuti pamene mtendere unabwera? Kambiranani.

Ntchito

Pitani kwa amayi anu, kapena kwa mayi wina wachikulire m'mudzi mwanu. Afunseni kumene anabadwira, dzina la amayi awo, ndi chinthu chachikulu chimene akumbuka ali mtsikana. Lembani mayankho atatuwo m'kope lanu. Mudzatiwerengere pa phunziro likubwerali.