Masamu pa chigumu cha agogo

Anzanga, Loweruka lapitali agogo anga aakazi anakwanitsa zaka 64. Anabadwa mu 1961, ndipo amati njanji yochoka kuno ku Nkaya kupita ku Nayuchi itatsegulidwa mu 1970 anali kamtsikana ka zaka 9. Keke ya ku Balaka ndi yodula, ndiye amayi anati tiphika chigumu cha nthochi, makala pansi, makala pamwamba. Makandulo 64? Iwalani. Ine anandipatsa mtedza wokazinga kuti ndiundandike pamwamba pa chigumucho, zaka zioneke.

Kungolemba 64 ndinaona kuti n'zachibwana kwa munthu amene akukonzekera JCE. Ndinafuna samu yoti yankho lake likhale 64.

Mlongo wanga wa Sitandade 7 anathamangira kulemba pansi 4 + 4 × 8. Akuti 4 kuphatikiza 4 ndi 8, kuchulukitsa ndi 8, basi 64. Apa ndiye pamene ambirife timagwa pa mayeso. BODMAS imati kuchulukitsa kumayamba, kuphatikiza kumabwera pambuyo. Choncho 4 × 8 ndi 32, kuphatikiza 4, yankho ndi 36. Tikanawabera agogo zaka 28! Kuti ikhoze pamafunika mabulaketi: (4 + 4) × 8. Koma yonseyo sikanakwana, chigumu chake chinali cha m'poto wa ndiwo.

Kenako ndinakumbukira ma indices. Nambala 64 ndi yokoma chifukwa ungailembe 8², 4³ kapena 2⁶. Kanambala kapamwambako kamakuuza kuti nambala yapansiyo uilembe kangati pochulukitsa. Ndiye 4³ ndi 4 × 4 × 4, osati 4 × 3. Nayo 2⁶ si 12 ayi. Werengani nane: 2, 4, 8, 16, 32, 64. Chinandisangalatsa n'chakuti 64 ndi square komanso cube nthawi imodzi. Nambala zotere n'zosowa. Isanafike 64 pali 1 yekha, ndipo yotsatira ndi 729, yomwe ndi 27² komanso 9³. Zaka zimenezo palibe adzazidyere chigumu.

Ndinasankha 8², koma mtedza unandigwiritsa mwala. Kanambala kapamwamba kamayenera kukhala kakang'ono, pomwe mtedza wonse ndi wofanana msinkhu. Nditayesa m'mbale, zinatuluka 82. Nditasintha kukhala 4³, amalume anawerenga 43 n'kuyamba kuseka, amvekere, "Ndiye kuti amayi anga ndi ine ndife mapasa?" Mu kope timachitanso zomwezi tikamalemba mothamanga, aphunzitsi n'kutichongera zolakwa.

Nditakhala pansi ndinadzifunsa kuti mwini chigumuyu ndani. Agogo analekezera Sitandade 4, ma indices sanawaonepo. Koma akhala akugulitsa tomato zaka zambiri, ndipo milu amaiwerenga m'mutu kuposa ine. Ndinangoika 8 × 8, manambala akuluakulu.

Atabwera anayang'ana kamodzi.

"Eyiti taimusi eyiti, sikisite folo. Iwe, umayesa sukulu inayamba ndi iwe?"

Chaka chamawa ndikwanitsa zaka 16, ndipo ndaona kale kuti 2⁴ ndi 4² zonse ndi 16. Amene angapeze manambala ena awiri athunthu, osiyana, ochita chimodzimodzi ukawasinthanitsa malo, alembe m'munsimu ndi pensulo. Ine ndafufuza mpaka 10, sindinawapeze.