Manyowa a pakhomo: sankhani njira yogwirizana ndi zomwe muli nazo



Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza lakhala lolemera kwa mlimi wamng'ono, ndipo makuponi a feteleza wotsika mtengo safika pakhomo lililonse. Ena mwa ife akafika pothina amathamangira katapila. Abale anga, katapila ndi riba, ndipo riba ndi haramu. Pamene tikubwereka ndalama zotere, mapesi tikutentha, ndowe za mbuzi zikuuma padzuwa, matumbo a nsomba tikutayira agalu. Uku ndi israafu, kuononga zomwe Allah watipatsa.

Nkhaniyi ikukhudza ife a kuno ku Mchinji komanso inu a kunyanja. Mtsinje wa Bua umayambira kuno n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo mpasa umakwera mtsinje umenewu kukaswana. Munda wopanda manyowa sugwira madzi, ndiye dothi lathu likakokoloka limakakwirira malo oswanirana nsomba. Mlimi akasamala nthaka, msodzi nayenso amapindula.

Musanasankhe njira, yang'anani zinthu zitatu: zinyalala zomwe muli nazo, madzi ali patali bwanji, ndi miyezi yotsala mvula isanagwe.

Njira yoyamba ndi chimato. Pansi yalani mapesi kuti mpweya uzilowa. Kenako sanjikizani zouma zoduladula, masamba aawisi, ndowe ndi phulusa pang'ono, mukuwaza madzi pa mnsanjiko uliwonse, mpaka mulu ufike m'chifuwa. Pakati zikani ndodo, ndipo mulu wonse muumate ndi matope. Chimato sichifuna kutembenuza komanso chimasunga chinyezi, choncho n'chabwino kwa okalamba ndi iwo otunga madzi patali. Chimatenga miyezi iwiri kapena itatu.

Yachiwiri ndi changu. Kasanjidwe n'komweko, koma simumata. Mumafunditsa udzu kapena masamba a nthochi, n'kumatembenuza ndi kuthirira pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Amapsa msanga monga dzina lake, koma amafuna manja ambiri ndi madzi pafupi. Inu a ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi omwe muli ndi madzi pakhomo, njira iyi ingakukomereni.

Yachitatu ndi dzenje, lozama pafupifupi mita imodzi. Kumalo otentha limathandiza kuti zinyalala zisaume. Koma pamchenga wa pafupi ndi gombe, pomwe madzi ali pafupi pansi, dzenje limagumuka ndi kudzaza madzi. Musakumbenso pafupi ndi chitsime kapena mjigo.

Yachinayi ndi Mbeya. Muyezo womwe alangizi ambiri amaphunzitsa ndi makilogalamu 20 a madeya, 10 a ndowe zouma zosefa, 10 a phulusa, 10 a feteleza wogula ndi malita 5 a madzi. Sakanizani bwino, ikani m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, mangani zolimba, musunge pamthunzi masiku 21. Njira iyi imafunabe ndalama pang'ono, koma thumba limodzi la feteleza limatulutsa matumba asanu. Ena amaphunzitsa ndi ndowe za nkhumba. Ife Asilamu tigwiritse ntchito za nkhuku kapena za mbuzi, zimagwira bwinobwino.

Kuno ku Mchinji, madera a Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda, timadalira masangwi a mtedza, zotsalira za soya ndi mapesi a chimanga. Inu muli ndi udzu wa mpunga, mamba ndi matumbo a nsomba, fumbi la usipa lotsala pa thandala, ndipo kumtsinje wa Shire kuli namasupuni. Za nsomba muziike pakatikati pa mulu n'kukwirira bwino, kuopa ntchentche ndi agalu. Namasupuni muyambe mwamufotetsa padzuwa. Mapulasitiki, mabatire ndi zidutswa za ukonde zisalowemo.

Ndodo ya pakati ija ndiyo mlangizi wanu. Pakatha masiku atatu kapena anayi izuleni. Ikatuluka yotentha ndi yachinyezi, zinthu zili bwino. Ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi. Mulu ukamanunkha zoola, madzi achuluka, onjezani zouma. Manyowa akapsa amada, amayoyoka m'manja ndipo amamveka fungo la dothi la m'nkhalango. Thirani manja awiri pa phando lililonse.

Ena amafunsa za udhu ndi Swala. Kuthira ndowe za ziweto kumunda n'kololedwa, koma mukachoka pa mulu sambani ndi sopo, musinthe zovala musanaimirire pa Swala.

Manyowa sasintha munda chaka chimodzi, mphamvu yake imaunjikana chaka ndi chaka. Malangizo anga ndi akuti mukangokolola, mu Meyi kapena Juni, yambani ndi chimato chimodzi kuseri kwa nyumba, popeza sichifuna ndalama. Mukaona m'mene chachitira pa mizere ingapo, chaka chamawa onjezani. Achinyamata a ku madrasa athandizenso amasiye ndi okalamba kumanga milu yawo. Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) anatiphunzitsa kuti mbewu ya Msilamu ikadyedwa ndi munthu, mbalame kapena nyama, mwini wake amalembedwa sadaka.

Allah adalitse minda yathu ndi maukonde athu, atipatse riziki la halali. Aamiin.