Pakhonde pa Azakhali: Agogo safunsidwa ngati ali pamlandu

Azakhali, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Shikoswe kuno ku Kafue. Mwana wanga atandifunsa za kwathu, ndinangoti "ku Katete" basi, mawu n'kuthera pomwepo. Nditayamba kufufuza, aliyense akunena zake. Amayi akuti agogo aamuna anabwera kudzagwira ntchito kufakitale ya feteleza, amalume akuti anathawa mlandu wa ng'ombe. M'sutukesi yakale ndapezamo chithunzi cha mayi wina atabereka mwana, koma ndikawafunsa agogo aakazi amangotembenukira kukhoma. Akunama ndani?

Mwana wanga, wandiseketsa. Zaka zonsezi agogo ako akati ayambe zakale, iwe maso ali pafoni. Lero kamwana kakuchititsa manyazi, ndiye wasanduka wapolisi, chithunzi m'manja, "Uyu ndani?" Ngakhale ine ndikanakupatsa nkhongo.

Tsono khazika mtima pansi, palibe amene akunama. Nitrogen Chemicals itayamba kupanga feteleza mu 1970, nayo Kafue Textiles ikuluka nsalu, anyamata a ku Chipata, Katete ndi Petauke ankakhamukira kuno. Ntchito inkawaitana ndithu, koma ena analinso ndi chowapirikitsa kumudzi: ngongole, mkangano wa munda, kapena mimba ya mwana wa eni. Amayi ako akunena chimene chinakokera agogo ku Kafue, amalume akunena chimene chinawachotsa ku Katete. Amayi ako amateteza ulemu wa bambo awo, amalume amakonda nkhani yothira mchere. Landira zonse ziwiri.

Za chithunzicho, yenda pang'onopang'ono. Kwathu kwa Achewa ana ndi akuchikazi, ndiye mwamuna akachoka pachikamwini, ana amatsala ndi mayi awo. Mwina mayi wa pachithunziyo ndi mkazi woyamba wa agogo aamuna. Mwinanso ndi m'bale amene anapita kale kumanda, dzina lake limatulutsa misozi. Mulimonsemo, pamenepo pali chilonda. Komabe usazisiye, chifukwa tsiku lina mwana wako angadzakubweretsere chibwenzi cha ku Katete, inu nthungululu lililili, osadziwa kuti magazi ndi amodzi. Safunsa anadya phula.

Chita izi. Nyamula shuga ndi buledi, ukafika kwa agogo aakazi khala pansi, uwathandize kusenda mtedza. Chithunzi chikhale kaye m'chikwama. Yamba ndi zokoma: ulendo wawo woyamba wobwera ku Kafue anakwera chiyani? Anafikira ku Estates kapena ku Zambia Compound? Malipiro oyamba a amuna awo anagulira chiyani, poto kapena wailesi? Ali kamtsikana ankavina chiyani mwezi ukawala? Nkhalamba ikaseka kawiri katatu, zolemerazo zimatuluka zokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usawavutitse ndi zaka, iwo amawerenga ndi zochitika. Akati "ndinali ndi mimba ya amalume ako pa ufulu," lemba 1964. Akati "chaka cha ufa wachikasu," imeneyo ndi njala ya 1992. Akati "dzuwa litada masana," ndi kadamsana wa 2001. Funsa mfunda wawo ndi wa amuna awo, kaya ndi Phiri, Banda kapena Mwale, dzina la mudzi, la mfumu, ndi kumene makolo anagona. Fufuzanso m'sutukesimo: reji yakale, chitupa cha nthawi ya atsamunda, khadi la ubatizo. Agogo akalola, jambula mawu awo pafoni yako yomweyo, igwireko ntchito yabwino. Ukamaliza, pita kwa amalume paokha, kwa amayi paokha. Ukawasonkhanitsa pamodzi adzangokangana.

Kumapeto kwa Ogasiti kumakhala mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, ku Katete komweko. Yamba kusunga ya basi, utenge ana, mukapatukirenso kumudzi mukaonetse nkhope.

Koma tamvera bwino apa. Chinsinsi chimene agogo akuuze asakachipeze pagulu la banja la WhatsApp. Ukatero sadzakuuzanso kanthu, ndipo abale ena sadzaponda pakhomo pako. Za ana usimbire ana, zopweteka usunge mpaka eni ake atalola. Ndipo ukapeza kuti agogo aamuna anathawadi mlandu wa ng'ombe, usachite manyazi, palibe banja lobadwa kwa angelo.

Agogo ako akadali moyo, mwana wanga, anzako ambiri alibe mwayi umenewo. Pita Loweruka lomwe lino.